Chivindikiro cha Buluu m'Dimba la ku Bembeke

Khasu langa lagunda kanthu m'mamawa uno
pakati pa mizere ya kachewere, kumunsi kwa sukulu,
chifunga chisanachoke paphiri.
Ndimayesa mwala. Ndimayesa fupa.
Nditafukula ndi chala, ndapeza chivindikiro cha maka,
buluu wake ali ngwee,
ngati chachoka dzulo m'sitolo ya pa boma.

Ndachizindikira.
Zaka zisanu ndi chimodzi zapita
chibwerereni alendo aja pa galimoto yoyera
kudzatiphunzitsa kusamala chilengedwe.
Masiku atatu, fanta ndi mabanzi,
mapepala akuluakulu omata kukhoma,
ndi katoni yodzaza mamaka, atitsiikira ngati mphatso.
Tinalemba mokweza dzanja: TISAMALE DZIKO LATHU.
Mwezi usanathe inki inauma,
mawu aja dzuwa linanyambita,
mapepala anakulunga zitumbuwa pachipata.
Zonse zinapita. Chatsala ndi ichi,
chimene chiswe chinanunkhiza n'kulambalala.

Bambo anga, aNgozo, ankapala matabwa a paini
kuseri kwa msika wa Dedza,
pensulo ili kukhutu ngati nthenga ya tambala.
Mzere umodzi, woonda, sowo n'kutsatira.
Sukulu ikatsegulidwa ankagula imodzi yokha,
n'kuidula patatu ndi mpeni:
ya Sautso, ya Mwandida, yanga yakumapeto.
Tinkaimanga ulusi n'kuvala m'khosi
ngati mankhwala oteteza ku umbuli.
Inkafupika tsiku ndi tsiku
mpaka kutha ngati msomali wa nsapato,
ndipo zosongola zake zinkagwera mu utuchi,
utuchi kukhola, manyowa kudimba.
Funsani dothi ili ngati likuikumbukira.
Linaidya kalekale, n'kutibwezera kabichi.

Sindinena kuti pensulo ndi woyera mtima.
Mtengo unagwa kuti iye aime.
Wavala penti wachikasu, chipewa chachitsulo,
ndipo mwana wa kumbuyo kwenikweni
sangaone zomwe ndalemba nayo;
pamenepo ndimatola choko, ndikhale mbuu ngati wakuchigayo.
Koma pensulo amadziwa kutha.
Amadziwanso kupepesa:
Dzinkambani akalemba zisanu kuphatikiza zitatu n'kupeza zisanu ndi zinayi,
amatikita ndi kachidutswa ka patapata,
tsamba n'kumupatsa mwayi wachiwiri.
Maka sabweza mawu. Amalowerera mpaka kuseri kwa pepala,
akafuula kawiri katatu, mawu n'kusasa,
n'kutisiyira mtembo wosaola.

Chaka chatha a komiti atafunsa zogula,
ndinaimika dzanja ndili njenjenje:
mapensulo, malezala, choko, basi.
A hedi anaseka, amvekere,
mayi Nachuma, mukutibwezera m'mbuyo.
Ndinati inde, m'mbuyo mwa kalasi,
pomwe pali dzala lomwe timatentha Lachisanu,
ana makumi asanu ndi anayi akutsokomola utsi wakuda
wonunkha ngati tayala.
Anakhala chete. Analemba pempho langa
ndi bolopeni yoyamba kukana.

Tsono ndaima m'dimba, chivindikiro chili m'manja.
Ndikachitentha, ndichipuma ndekha.
Ndikachiponya m'ngalande, mvula ya Januwale
ichipereka kwa Linthipe, Linthipe kwa eni ake kumunsi
omwe sanamweko fanta ija.
Ndikachikwirira, mdzukulu wanga adzachigunda ndi khasu
nayenso n'kuyesa fupa.

Ndachitsuka m'kheni, ndachimanga kunsonga ya chitenje.
M'kalasi muli Ndaziona,
yemwe pensulo yake yafupika mpaka zala zikumenyana.
Ndachiveka kumbuyo kwa kapensulo kaja,
chalowa gwa, ngati chinapangidwira komweko.
Tsopano akugwira bwino.
Akulemba dzina lake pang'onopang'ono, lilime lili panja.

Kapensuloko katha sabata yamawa.
Chivindikiro chidikira wina,
ndi wina,
ndi wina amene sanabadwe.